Pamene Chipangizo Chimakumana ndi Khungu

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOWULUTSA: Inu omvera a kuno ku Kamushanga, a ku Bwacha, a ku Ngungu, a ku Makululu ndi madera onse a Kabwe kumene mawu athu akufika, tcherani khutu. Amayi amene muli pambaula, sunthani wailesi ifike pafupi. Abambo amene mwangoweruka kumene, khalani pansi mupumule. Lero tikamba za zipangizo zachipatala zoyendera magetsi, zija zimene zimavalidwa pathupi kapena kuikidwa m'thupi, ndipo funso lathu ndi limodzi: kagawo kaja kamene kamakhudza khungu ndi magazi a munthu, kamapangidwa ndi chiyani?

Ndiyambe ndi munga. Tonse tinalasidwapo ndi munga kuphazi. Ukathyokera m'kati, thupi silikhala chete. Malowo amafiira, amatentha, amatupa, mafinya amasonkhana, ndipo mungawo ukapanda kutuluka thupi limaukulunga ndi mnofu wolimba, n'kuutsekera ngati wandende. Thupi limachita zomwezo kwa mlendo aliyense wolowa m'kati mwake, kaya ndi munga, kaya ndi chipangizo chogulidwa ndi ndalama zambiri. Pakangopita mphindi zochepa, zinthu za m'magazi zimamatirira pa mlendoyo, asilikali a m'thupi amabwera kudzamununkhiza, kenako amayamba kum'mangira mpanda. Choncho akatswiri akhala zaka zambiri akufunafuna zitsulo, mapulasitiki ndi zomatira zimene thupi lingazilole kukhala nalo mwamtendere. Pa Chingerezi amazitcha biomaterials. Ife tingoti zinthu zogwirizana ndi thupi.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kutali. Amayi ambiri amene mukumvetsera muli nazo kale zinthuzi. Timitengo tiwiri ta kulera ta Jadelle timene anamwino amaika pamkono ndi ta silikoni, mtundu wa labala wofewa umene thupi silimenyana nawo kwambiri, ndipo timatulutsa mankhwala pang'onopang'ono kwa zaka 5. Lupu ya m'chiberekero imakulungidwa ndi kawaya ka mkuwa, chitsulo chomwecho chimene dziko lathu limadziwika nacho. Agogo amene anachititsa opaleshoni ya ng'ala ali ndi kagalasi ka pulasitiki m'diso. Kusiyana kwake n'kwakuti lero tikuwonjezerapo magetsi.

Pa 8 Okutobala 1958, ku chipatala cha Karolinska m'dziko la Sweden, dokotala Åke Senning anaika m'thupi la munthu kachipangizo koyamba kothandiza mtima kugunda. Wodwalayo anali Arne Larsson, amene mtima wake unkaima mwadzidzidzi, iye n'kukomoka kangapo patsiku. Amene anapanga kachipangizoko, Rune Elmqvist, anafunika kutsekera mawaya ndi mabatire m'chinthu cholimba kuti madzi a m'thupi asalowe. Anathira utomoni wa epoxy m'chikombole, ndipo chikombolecho chinali kachitini ka polishi wa nsapato wa Kiwi, yemweyu amene ana athu amapaka nsapato za kusukulu. Kachipangizo koyambako kanangogwira ntchito maola ochepa. Anaika kena. M'moyo wake Larsson anasinthidwa zipangizo zoposa 20, ndipo anamwalira mu 2001 ali ndi zaka 86, dokotala wake ndi injiniya uja atatsogola kale.

Chimene chinavuta pachiyambi si nzeru za magetsi zokha. M'thupi mwa munthu ndi monyowa, motentha komanso mwamchere. Ikani msomali m'madzi amchere ofunda, mubwere pakatha mwezi mudzaone dzimbiri lake. Lero zipangizo za mtima zimatsekeredwa m'kabokosi ka titaniyamu. Chitsulo chimenechi chikangokhudzana ndi mpweya chimadzivala kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamachiteteza ku dzimbiri, ndipo thupi likakhudza kachikopako silipsa mtima. Mu 1952 Per-Ingvar Brånemark, wa ku Sweden komweko, anaika titaniyamu m'fupa la kalulu pofufuza za magazi, ndipo pofuna kuichotsa anapeza kuti fupa laigwira zolimba ngati mbali yake. Mano oikirira ambiri a masiku ano anachokera pamenepo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOWULUTSA: Tsono tibwere kwathu. Palibe tauni m'Zambia muno imene iyenera kumva nkhani ya chitsulo ndi thupi kuposa Kabwe. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902, malowa n'kupatsidwa dzina la Broken Hill. Njanji inafika mu 1906, ndipo mgodi unagwira ntchito mpaka 1994. Mgodi unatsekedwa, koma fumbi lake silinatsekedwe. Likadali m'dothi la m'mabwalo, m'misewu, ndi paphiri lija la zotsalira za mgodi limene timalitcha Black Mountain.

Titaniyamu thupi limamusiya pakhomo ngati mlendo waulemu. Mtovu ndi woopsa chifukwa thupi silimuzindikira n'komwe kuti ndi mlendo. Limamuyesa kashiamu, chakudya cha mafupa ndi mano, n'kumutsegulira chitseko. Amalowa m'magazi, amafika mu ubongo wa mwana, amakagona m'mafupa kwa zaka makumi, ndipo mayi akakhala ndi pakati mtovu wa m'mafupawo umatha kudzuka n'kupita kwa mwana wosabadwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wamng'ono amayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu pa mlingo womwewo umene walowa m'kamwa, ndipo mwana wanjala kapena wochepa magazi amayamwa wambiri. Chopweteka n'chakuti mwanayo angaoneke bwinobwino, akuthamanga, akusewera mpira wachikulunga, pamene nzeru zake zikudyeka mwakachetechete.

Ndiye tingadziwe bwanji? Njira yodalirika ndi kupima magazi. Mlingo umawerengedwa m'mamaikulogalamu pa desilita imodzi ya magazi. Mawuwo ndi olemera pakamwa, ingosungani manambala. WHO imati pa 5, tiyambe kufufuza kumene mtovuwo ukuchokera ndi kuutsekereza. Pa 45, mwana amafunika mankhwala ochotsa mtovu m'thupi. Mu 2015 Dr John Yabe wa ku University of Zambia pamodzi ndi anzake a ku Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa zimene anapeza atapima ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Onse 246 anapitirira 5. Ku Kasanda, oposa theka anapitirira 65. Nambala imeneyo ndikaitchula mtima umandiwawa, chifukwa kuseri kwake kuli ana a anansi athu, a achibale athu, ana amene timakumana nawo pamsika. Madera oyandikana ndi mgodi ndiwo anakhudzidwa koposa, koma anthu a Kabwe timasamukasamuka, timachezerana, ana amakagona kwa azakhali awo, ndipo mchenga ndi miyala yomangira zimayenda kuchoka dera lina kupita lina.

Kale, kupima mtovu kunkafuna makina aakulu a mulabotale. Tsopano kuli kamakina konyamula m'manja kotchedwa LeadCare II, kamene kagwiritsidwapo ntchito kuno ku Kabwe. Tamverani mmene kamagwirira, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani yathu. Namwino amabaya chala, n'kutenga magazi okwana madontho awiri okha. Amawasakaniza ndi asidi wochepa mphamvu amene amaswa maselo ofiira kuti mtovu umene unabisala m'katimo utuluke. Kenako amadonthezera pa kachidutswa kopyapyala kamene kali ndi timibulu tosaoneka ndi maso ta golide. Kamakinako kamatumiza magetsi pang'ono, ndipo mtovu umathamangira kukamatirira pa golide uja. Ndiye kamatembenuza magetsiwo, mtovu n'kumatuka wonse, ndipo pomatukapo umatulutsa mphamvu imene kamakinako kamaiwerenga. Mtovu wambiri, mphamvu yambiri. Zonsezi m'mphindi 3. Anasankha golide chifukwa sachita dzimbiri ndipo samenyana ndi asidi kapena magazi, amangogwira chimene wauzidwa kugwira.

Koma kamakinaka kali ndi malire ake. Kamawerenga mpaka 65 basi, kupitirira apo kamangolemba kuti mlingo wakwera, ndipo magaziwo amafunika kupimidwanso. Taonani, mlingo umene opanga anauyesa denga, ana ena a ku Kasanda anaubowola. Komanso mu 2021 ku America anaitanitsa kuti zibwezedwe zina mwa zida zopimira za kamakinaka atapeza kuti zinkasonyeza mtovu wochepa kusiyana ndi umene unalidi m'magazi. Vuto silinali pa batire kapena pa galasi lowerengera, linali pa zinthu zimene zimakhudzana ndi magaziwo. Ndipo inu makolo, nali gawo lanu: mwana akamapita kukapimidwa, manja ake asambitsidwe ndi sopo asanabayidwe. Kafumbi ka mtovu kotsalira pachala kakalowa m'dontho lija, nambala imakwera mwabodza. Namwino akamatsuka chala cha mwana kawirikawiri, sakukuchedwetsani, akugwira ntchito yake. Mu Disembala 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera madera owonongedwa ndi migodi kuno ndi ku Copperbelt, ndipo ina mwa ntchito zake inali kupima ndi kuchiza ana a Kabwe. Mwana wochiritsidwa akabwerera kubwalo lafumbi lomwelo, mtovu umabwereranso, n'chifukwa chake kupima sikuyenera kukhala kwa tsiku limodzi.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOWULUTSA: Odwala matenda a shuga amadziwa kachidutswa kena kofanana ndi kaja kopimira mtovu. Kunsonga kwake kuli chinthu chochokera ku zamoyo, chotchedwa enzaimu. Pa tizidutswa tambiri enzaimuyo amachokera ku nkhungu, mtundu wa zija zakuda zimene zimamera pa anyezi wosungidwa ponyowa. Enzaimuyo amadya shuga wa m'magazi, ndipo podyapo pamatuluka magetsi amene kamakina kamawasandutsa nambala. Nzeruyi anayamba nayo Leland Clark wa ku America mu 1962. Popeza enzaimu ndi wa mtundu umodzi ndi choyera cha dzira, kutentha ndi chinyezi zimamuwononga. Kabotolo ka tizidutswa kakasiyidwa pawindo m'dzuwa la Okutobala, kapena kakasiyidwa kosatseka m'nyengo ya mvula, manambala ake musawakhulupirirenso. Ndipo ngati mwangodya mango, sambani m'manja kaye, apo ayi mupima shuga wa mango.

Kuyambira 2014 kunabwera kachipangizo kotchedwa FreeStyle Libre, kokula ngati khobidi, komatidwa kuseri kwa mkono kwa masiku 14. Kali ndi kaulusi kopyapyala kolowa pansi pa khungu, kamene kamapima shuga usana ndi usiku. N'chifukwa chiyani masiku 14 okha? Kumbukirani munga uja. Thupi limayamba kukulunga kaulusiko, enzaimu amatopa, zomatira zimafooka ndi thukuta. Mu 2017 madokotala a khungu ku Ulaya anapeza kuti anthu ena ovala kachipangizoka ankatuluka zidzolo zoyabwa chifukwa cha mankhwala ena a mu pulasitiki yake otchedwa isobornyl acrylate, ndipo opanga anadzasintha kapangidwe. Mtengo wake ndi wokwera moti mabanja ambiri kuno sangaukwanitse mwezi ndi mwezi, zimene zimandidandaulitsa, pakuti mwana wodwala shuga wa ku Kamushanga amamva ululu wa kubaya chala mofanana ndi mwana wa ku Ulaya.

Pamenepa ndiyenera kuchenjeza. Azakhali anga ena anandionetsa wotchi imene mdzukulu wawo anawagulira pa intaneti, akuti imapima shuga popanda kubaya. Anali atasiya kupita kukiliniki, akuti wotchi ikuti zonse zili bwino. Ndinawavula wotchiyo n'kuiika pa mwendo wa mpando, ndipo inalemba nambala yabwino ndithu. Mu Febuluwale 2024 bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linalengeza kuti silinavomereze wotchi kapena mphete iliyonse yoti imapima shuga payokha popanda kuboola khungu. Wotchi ikhoza kuwerenga mapazi amene mwayenda ndi kugunda kwa mtima, zimenezo zili bwino. Koma za shuga, safunsa anadya phula. Funsani anamwino musanasinthe mankhwala chifukwa cha nambala ya pawotchi. Ndipo lamba wake akakutulutsani zidzolo padzanja, nthawi zambiri ndi thukuta lotsekeredwa kapena chitsulo cha nikelo cha pa chomangira. Muvule, musambitse, khungu lipume.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOWULUTSA: Pali kachipangizo kena kamene tonse tinakadziwa m'nthawi ya Covid-19, kaja kopanira chala kopima mpweya wa m'magazi. Anakatulukira Takuo Aoyagi wa ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kamawalitsa nyali ziwiri kudutsa m'chala, ina yofiira, ina yosaoneka ndi maso. Magazi okhuta mpweya ndi magazi osowa mpweya amameza kuwalako mosiyana, ndipo kachipangizoko kamayerekeza ziwirizo. Kapulumutsa miyoyo yosawerengeka, makamaka m'zipinda za opaleshoni ndi pakati pa ana odwala chibayo.

Koma kuwalako kusanafike pamagazi kumadutsa pakhungu, ndipo khungu lathu lakuda limameza kuwala mosiyana ndi khungu loyera. Mu Disembala 2020 madokotala a ku University of Michigan anafalitsa zimene anaona mwa odwala awo. Mwa odwala amene kachipangizoko kankati mpweya wawo uli bwino, akuda pafupifupi 12 pa 100 alionse anali ndi mpweya wotsika moopsa atawapima magazi enieni, pamene mwa azungu anali osakwana 4 pa 100. Kusiyana katatu. Chifukwa chachikulu n'chakuti zipangizo zambiri zinayesedwa pa anthu a khungu loyera. Ine ndimaona kuti apa boma lathu ndi onse ogulira zipatala katundu ali ndi ufulu wonse wofunsa wogulitsa kuti, kodi munachiyesa pa anthu angati a khungu ngati lathu? Chipangizo chimene chikagwire ntchito ku Kabwe chiyesedwe pa khungu la ku Kabwe.

Sindikuti tikataye, ayi. Tikadziwe malire ake. Chala chozizira cha m'mawa wa Juni chimasokoneza nambala, utoto wa m'zikhadabo nawonso. Ndipo mverani ichi, inu amene mumalowetsa mbaula m'nyumba usiku wozizira. Utsi wosaoneka wa makala ukalowa m'magazi, umakhala pamalo pa mpweya wabwino, koma kachipangizo wamba kopanira chala sikasiyanitsa ziwirizi. Munthu angakhale akufa ndi mpweya wa makala, iko kakulemba 98. Mukapeza wina ali ndi mutu, chizungulire, kusanza kapena wakomoka m'nyumba yotseka momwe munali mbaula, mutulutseni panja, thamangirani naye kuchipatala, ndipo mukauze adokotala za mbaulayo. Mwana amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, ndi wodwala ngakhale nambala ikhale yokongola.

Mtovu uja umabisalanso m'zipangizo zenizenizo. Kwa zaka zambiri mawaya a m'mawailesi ndi m'makina a chipatala ankalumikizidwa ndi chitsulo chosungunula chosakaniza tini ndi mtovu. Maiko a ku Ulaya anachiletsa m'zipangizo zambiri zamagetsi mu 2006, ndipo lamulolo linafika pa zipangizo zachipatala mu 2014. Anyamata athu okonza mafoni ndi mawailesi pamsika, ambiri mukadagwiritsabe ntchito waya wa mtovu. Sambani m'manja musanadye nsima, ndipo mwana asasewere pansi pa tebulo lanu. Timabatire tija tozungulira ngati mabatani ta m'mawotchi ndi m'makina a shuga tisungidwe patali. Mwana akameza kamodzi, kangathe kuwotcha kummero m'maola awiri okha, ndipo ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Nanga kutsogoloku? Mu 2021 gulu la John Rogers ku Northwestern University linaonetsa kachipangizo kothandiza mtima kwa masiku ochepa pambuyo pa opaleshoni, kopangidwa ndi zinthu zosungunuka monga maginiziyamu ndi pulasitiki ya mtundu wa ulusi uja wosokera mabala umene umatha wokha. Ntchito ikatha kamasungunuka m'thupi, osafunanso kung'amba munthu kachiwiri. Anakayesa pa nyama. Koma chimene chimandikhudza ine monga munthu wa Kabwe ndi china. Mu 2016 Wei Gao ndi Ali Javey a ku University of California, Berkeley anapanga kachigamba kofewa komata pakhungu, kokhala ndi timizere ta golide ndi bisimati, kamene kanatha kuzindikira zinki, mkuwa, kadimiyamu, mekyule ndi mtovu m'thukuta la munthu. Njira yake ndi yomwe ija ya kamakina kathu ka magazi, kukokera chitsulo pamalo amodzi kenako kuchimatula n'kuwerenga.

Kachigambako sikanafike m'makiliniki, ndipo mtovu wa m'thukuta sufanana ndendende ndi wa m'magazi. Pali funso linanso limene munthu wa kuno angalione msanga kuposa wa ku California: mwana amene wasewera tsiku lonse m'fumbi la Ogasiti, kachigambako kadzapima mtovu wotuluka m'thupi mwake kapena wa fumbi lomatirira pakhungu? Zomatira zake zidzapirira thukuta la Okutobala ndi mafuta amene amayi amadzoza ana? Mafunso amenewa angayankhidwe bwino kuno, ndi ophunzira athu a ku Mulungushi University, a ku Kwame Nkrumah University ndi a ku University of Zambia, pamodzi ndi anamwino amene agwira zala za ana a Kabwe zaka zonsezi. Inu achinyamata amene mumakonda sayansi ndipo mukumvetsera muli pakhonde, ntchito imeneyi ikudikira manja anu.

Nthawi yatithera. Amayi ndi abambo amene ana anu sanapimidwepo mtovu, makamaka ngati munakhalapo ku Kasanda, Makululu, Chowa kapena kufupi ndi mgodi, kafunseni kukiliniki yanu kumene angapimidwe, ndipo mutenge khadi la mwana la kusikelo kuti nambalayo ikalembedwe pamodzi ndi tsiku lake. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

(NYIMBO YOTSEKERA)